Karate ndi ya ku China kapena ku Japan?

Bambo, mwafunsa kumene karate inachokera, komanso chifukwa chake mphunzitsi wa mwana wanu akuti yake ndiye yeniyeni yamakolo, ya anzake ndi yongopeka. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi.

Kwawo kwa karate ndi ku Okinawa, chilumba cha kumwera kwa Japan. Kalelo kunali ufumu wotchedwa Ryukyu, umene unkachita malonda kwambiri ndi China. Anthu a ku Shuri, Naha ndi Tomari anali ndi kamenyedwe kawokawo, ndipo anakasakaniza ndi zimene ankaphunzira kwa Atchaina, makamaka a chigawo cha Fujian. Kanryo Higaonna ndi Kanbun Uechi anachita kukakhala ku Fuzhou kuti akaphunzire. Choncho otchula China sakunama kwenikweni, ngakhale ambirife timangotengera mafilimu a m'mavidiyo aja, omwe ochuluka ndi a kung fu.

Pali nkhani yoti alimi osauka ndiwo anayambitsa karate atalandidwa zida. Imakoma kuimva, koma aphunzitsi akale odziwika ambiri anali a m'mabanja olemekezeka. Sokon Matsumura anali wachitetezo wa mafumu a Ryukyu. Anthuwa ankaphunzitsa ophunzira owerengeka, kuseri kwa nyumba, nthawi zambiri usiku. Panalibe malamba, panalibe yunifolomu. Panali makiwara, thabwa lozikidwa pansi lokulungidwa chingwe cha udzu kumutu, limene munthu ankalimenya mpaka mfundo za zala kuuma. A ku Naha ankanyamulanso mitsuko yolemera poigwira kukamwa kwake ndi nsonga za zala. Kata imodzi, imene ndi ndondomeko yoloweza ya kusuntha, kutchinga ndi kumenya, munthu ankatha nayo zaka.

Japan inathetsa ufumuwo mu 1879. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Anko Itosu, wophunzira wa Matsumura, analowetsa karate m'sukulu za ku Okinawa, ndipo anakonza ma kata asanu otchedwa Pinan oti ana azitha kuphunzira pagulu. A Shotokan, sitayilo ya karate yochokera kwa Gichin Funakoshi, amawatcha Heian. Ngati mwana wanu wangoyamba kumene, mwina Heian Shodan ndiyo akuvutika nayo pakhonde madzulo aliwonse.

Mu 1922 mphunzitsi wa sukulu Gichin Funakoshi anapita ku Tokyo kukaonetsa karate, ndipo sanabwererenso kukakhala kwawo. Jigoro Kano, amene anayambitsa judo, anamulandira bwino. Zovala zoyera zija ndi malamba Funakoshi anazitenga ku judo, ndipo malamba akuda oyamba anawapereka mu 1924. Chaka chomwecho yunivesite ya Keio inatsegula kalabu. Kuima m'mizere, wina akuwerenga "ichi, ni, san", onse n'kumaponya chibakera limodzi, kunakhazikika m'masukulu ndi m'mayunivesite amenewa. Ngakhale kaimidwe kotambalala, kotsika pansi, ka Shotokan kanabwera ndi Yoshitaka, mwana wa Funakoshi. Aphunzitsi ena anali ndi masitayilo awo: Chojun Miyagi ndi Goju-ryu, Kenwa Mabuni ndi Shito-ryu, Hironori Otsuka ndi Wado-ryu. Ndiye munthu akavala zoyera ndi lamba wakuda n'kumati zake sizinasinthidwepo chiyambire, zovala zakezo zikumutsutsa kale.

Kufalikira kunja kunadza nkhondo yachiwiri itatha. Asilikali a ku America amene anali ku Okinawa ndi ku Japan anapita nayo kwawo. Bungwe la Japan Karate Association linakhazikitsidwa mu 1949, linachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse la Japan mu 1957, chaka chimene Funakoshi anamwalira, ndipo linayamba kutumiza aphunzitsi kunja. Mu 1965 Taiji Kase, Hirokazu Kanazawa, Keinosuke Enoeda ndi Hiroshi Shirai anafika ku South Africa ndi ku Ulaya. Enoeda anakhazikika ku Britain. Ku Johannesburg kunali Stan Schmidt, amene ankapita yekha ku Tokyo kukaphunzira, ndipo ndi mmodzi mwa amene anakuza Shotokan kumwera kwa Africa kuno. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Tokyo mu 1970. Ku Olimpiki karate inaonekako kamodzi kokha, ku Tokyo mu 2021. Ku Paris mu 2024 kunalibe.

Masiku ano akati karate yamakolo, ambiri amatanthauza yolimbikira kihon (kamenyedwe ndi katchingidwe koyambirira), kata ndi khalidwe, osati yothamangira mapointi pa mpikisano. Kusiyana kumeneko kulipodi, ndipo ine ndimakonda mbali ya kata. Koma zimenezo sizimusandutsa mphunzitsi wolimbikira za mpikisano kukhala wonyenga.

Mphunzitsiyo mufunseni kuti sitayilo yake ndi iti, anamuphunzitsa ndani, ndipo mayeso a malamba amayesa ndani. Kenako tsiku lina mukakhale nawo pophunzira, muone ngati amafotokoza ntchito ya kusuntha kulikonse kwa mu kata, zimene amati bunkai, komanso ngati amaletsa ana kumenyana kumutu.