Kaonaneni ndi woyang'anira data musanapite kwa alimi

Achemwali, mwafunsa za tabuleti yoyenera kugula, za pulogalamu yowerengetsera zotsatira, komanso ngati pali phindu kukaonana ndi data steward (woyang'anira data) amene a ku dipatimenti yanu akukutumizaniko musanayambe kafukufuku wa alimi a mtedza kuno ku Mchinji. Za tabuleti ndi SPSS, pulogalamu yowerengetsera zotsatira, ena ayankha kale. Ine ndiyankha funso lomalizali, chifukwa ndi limene linandiliza.

Pitani mukaonane naye mafunso anu asanasindikizidwe, osati mutabwerako kumidzi. Ine ndinachita kafukufuku wofanana ndi wanuyu cha ku Mkanda ndi ku Kapiri, ndili ndi anyamata anayi ondithandiza kufunsa, ndipo funso lina linali lakuti mlimi wakolola mtedza wochuluka bwanji. Titabwerako, mu Excel munali mzere wotchedwa q14 wodzaza manambala okhaokha. Patapita miyezi 8, nditakhala pansi kuti ndiyambe kulemba, ndinazindikira kuti mnyamata wina ankalemba matumba, wina ndowa, wina ngolo, ndipo panalibe amene anasonyeza ngati mtedzawo unali wamakoko kapena woswa kale. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti thumba la mtedza wamakoko sililemera ngati la woswa, komanso kuti ndowa ya mavenda si ndowa ya pakhomo, koma nambala 12 ikakhala yokha pakompyuta siyankhula. Minda nayo inasokonekera, maekala ndi mahekitala zili mu mzere umodzi, pomwe hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Anyamata aja anali ataiwala, ndipo mayankho a mabanja ambiri ndinangowataya.

Chimene ndinalibe ndi chimene akatswiriwa amachitcha metadata, ndiko kuti kufotokoza kwa data yeniyeniyo: mzere uliwonse ukutanthauza chiyani, muyeso wake ndi uti, anafunsa ndani, tsiku liti, m'dera la mfumu iti, ndipo malo osalembedwa akutanthauza kuti mlimi anakana kuyankha kapena sanakolole kanthu. Data steward sadzakuwerengetserani zotsatira, musapite ndi chiyembekezo chimenecho. Ntchito yake ndi kukhala nanu pansi kulemba codebook, chikalata chofotokoza tanthauzo la mzere uliwonse, kugwirizana katchulidwe ka mafayilo kuti musadzakhale ndi mafayilo asanu onse otchedwa omaliza, ndi kukuthandizani kulemba data management plan, ndondomeko ya kasungidwe ndi kagawidwe ka data, imene mabungwe ambiri opereka ndalama za kafukufuku amaifuna masiku ano.

Amene akuti ingoponyani zonse pa Google Drive kapena muzitumizirana pa WhatsApp ndi okuthandizani sanaganizire kuti mu fayilomo mudzakhala maina a alimi, manambala a foni, malo a nyumba zawo ndi ndalama zimene amapeza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku idzakufunsani kuti zimenezi muzisunga bwanji. Maina ndi manambala a foni azikhala mu fayilo yawoyawo yotsekedwa ndi password, ndipo mu fayilo ya mayankho muzikhala nambala ya banja basi. Muonetseninso fomu yopempha chilolezo kwa alimi, chifukwa ngati simunalembemo kuti mayankho, atachotsedwa maina, angadzagwiritsidwe ntchito ndi ofufuza ena, mudzavutika pamene magazini ya zasayansi idzakuuzani kuti muike data yanu poyera.

Poikapo poyerapo ine ndimakonda Zenodo, malo osungirako data pa intaneti, imene imayendetsedwa ndi CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi ku Geneva. Ndi yaulere, imalandira mpaka 50 GB pa ntchito imodzi, ndipo imapereka DOI, nambala yosasintha yozindikirira data yanu pa intaneti, kuti ena akagwiritsa ntchito data yanu akutchuleni. Mukamva akutchula mfundo za FAIR, zimene zinasindikizidwa mu 2016, musaope, akungonena kuti data ipezeke, ifikirike, iwerengeke pa makina osiyanasiyana ndiponso igwirenso ntchito. Komabe yambani mwafunsa ngati laibulale ya yunivesite yanu ili ndi malo ake osungirako.

Ndalama yokhayo imene ine ndinaononga pa zonsezi ndi ya hard drive ya 1 TB yosungirako kope lina la data, imene ndinagula ku Lilongwe pa mtengo wopitirira pang'ono K100,000, koma kwacha inagwa mu Novembala 2023, choncho konzekerani zochulukirapo ndithu, ndipo musaisunge m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Ngati mugwiritsa ntchito KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa tabuleti, imalemba ngakhale kulibe intaneti, zimene zimathandiza midzi ya kumalire kumene foni imathawira ku netiweki ya ku Zambia. Funso la muyeso muliike lokakamiza kusankha, thumba, ndowa kapena ngolo, ndipo manambala a foni muwasunge ngati mawu, chifukwa Excel imadya ziro woyambirira uja.