Yankho kwa msuweni pa za mizukwa ya ku America

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, mkazi wanga wosandiphikira, uthenga wako ndauona. Ndingoyankha pakamwa, zala zatopa ndi kuchonga mayeso. Walemba kuti, dikira ndiwerenge, "Kodi nkhani za mizukwa za azungu akale a ku America mumazikonderanji?" Kenako kankhope koseka. Mhm. Iwe ndimakudziwa. Chiyambire tikuba mango kwa agogo sunafunsepo funso lolunjika. Sukufunsa za ine iwe. Ukufunsa za buku lija ndinampatsa mwana wako wachisamba pa holide, ndamva akuliwerenga ndi tochi m'bulangete, ndiye ukuganiza kuti ndakulowetsera ziwanda m'nyumba. Kana pagulu pompano, amayi akumva.

Chabwino. M'bukumo nkhani zilimo zingapo, koma imene wakakamira mwanayo ndi ya Washington Irving, The Legend of Sleepy Hollow. Inatuluka mu 1820. Malo ake ndi kamudzi ka anthu ochokera ku Netherlands, pafupi ndi Tarrytown, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Muli mphunzitsi, Ichabod Crane, wamtali, woonda ngati nsungwi, koma kudya kwake... iii. Analibe nyumba, ankagona kwa makolo a ana ake a sukulu, sabata kuno, sabata uko. Usaseke, ndikudziwa ukuti ndine. Ndiye anafuna mtsikana, Katrina Van Tassel, mwana wa mlimi wolemera. Ndati anafuna mtsikana? Ayi ndanama, anafuna munda wa bambo ake. Akaona nkhumba ndi atsekwe pabwalo, m'mutu mwake zinali zitapsa kale zili m'mbale. Koma panalinso mnyamata wa m'mudzi momwemo, Brom Bones, wadzitho, katswiri pa hatchi...

Aaa, dikira. Amalume aang'ono ali pagulu pano? Foni yawo ija inagwera m'chitsime, eti? Basi ndinena.

Bambo ako aang'ono amenewa, nthawi imene ankafunsira anti, sanali okha. Panali kalaliki wa pamsika wogula mbewu, wochokera kutali, wa malaya oyera, cholembera m'thumba, njinga yake ya belu lolira mpaka kudambo. Amalume analibe kanthu, nsapato anali kubwereka kwa bambo ako. Ndiye kalalikiyo Loweruka lililonse ankapita kwawo kwa anti, atanyamula shuga ndi sopo, n'kumabwerako usiku. Njira inali imodzi yokha, ija yodutsa m'munsi mwa manda, pakamlatho kamitengo paja iwe unagwera ndi mtolo wa nkhuni. Inde, sindinaiwale.

Tsiku lina amalume anatenga chipanda cha agogo, chija ankasungiramo thobwa... ayi, si chachikulu chija, chinacho chokhota khosi. Anachiboola maso awiri ndi kamwa, n'kuikamo koloboyi, n'kuchimangirira kunsonga ya nsungwi yaitali. M'munsimu anakulunga thumba loyera la feteleza. Ndiye anakabisala m'mabango. Udzudzu unawadya akuti mpaka kutupa zikope, poti kalalikiyo tsiku limenelo anachedwa, anamuphera nkhuku. Atatulukira pamlatho, amalume anadzutsa nsungwi ija pang'onopang'ono, osalankhula kanthu, kungoiweramitsa ngati munthu wopereka moni. Msuweni! Munthu anasiya njinga ikuzungulira tayala. Anadutsa m'dambo, osati pamlatho, m'matope momwemo, nsapato imodzi inapezeka m'chilimwe madzi ataphwa. M'mawa mwake ndani anakapereka njinga kumsika, ataipukuta bwinobwino, nkhope yachisoni? Amalume. Akuti anamuuzanso kuti, "Pepani achimwene, malo amene aja ndi ovuta, ifenso timawaopa." Mwezi usanathe kalaliki anapempha kusamutsidwa.

Mpaka lero ukawafunsa amakana. Koma tangotchula mawu oti chipanda pamene akumwa tiyi, uone ngati satsamwa. Agogo anamwalira akufunsabe chipanda chawo.

Koma pali chimene iwe sudziwa. Pamaliro a chaka chija, usiku tili pamoto kusiwa, anandikokera pambali. Akuti, "Mphwanga, moto wa m'chipanda unali wanga. Koma nditazimitsa, kumtunda kumanda kunali kukuyakabe wina." Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ndipo taganiza bwino, unawaonapo amalume akudutsa pamlatho paja dzuwa litalowa? Amazungulira kumsewu, ulendo wa ola lathunthu. Kaya ankandinamiza, kaya. Amene aja ndi mowa sudziwa.

Ndinali pati? Eya, Ichabod. Ndiye kumudzi kuja kunali mbiri ya mzukwa wa msilikali wa ku Germany, mwa aja analembedwa ganyu ndi Angerezi pankhondo imene America inkamenyera ufulu. Akuti mutu wake unachoka ndi chipolopolo cha mzinga, ndiye usiku amayenda pa hatchi kusaka mutuwo. Tsiku lina kunali phwando kwa a Van Tassel, anthu akamba za mizukwa mpaka usiku, Ichabod akubwerera yekha pa hatchi yobwereka, yokalamba, ya diso limodzi. Akuona munthu pa hatchi akumutsatira, wopanda mutu, mutuwo wauika patsogolo pa chishalo. Liwiro! Anthu ankati ukangooloka mlatho wa patchalitchi mzukwawo umazimirira. Anaoloka, n'kucheuka, chinthu chija n'kumugenda ndi mutu. M'mawa anthu anapeza chipewa chake, pambali pake dzungu lophwanyika. Dzungu, msuweni. Brom Bones anakwatira Katrina, ndipo wina akatchula za dzungu ankaphulika kuseka.

Waona? Ine nditawerenga koyamba ndinaika buku pansi, ndikuti mzungu ameneyu anawadziwira kuti amalume?

Koma Irving ndi wochenjera, satsekeratu chitseko. Mlimi wina akubwera kuchokera ku New York n'kunena kuti Ichabod ali moyo, anaphunzira zamalamulo. Amayi achikulire a m'mudzimo akuti ayi, anatengedwa ndi mizimu. Wolemba akungokusiya pakati, usankhe wekha. Moto wachiwiri uja. Ndipo nkhaniyo anailemba ali ku England, akukumbuka kwawo, n'chifukwa chake zakudya ndi minda akuzifotokoza ngati munthu wa njala, ngati mmene achimwene a ku Johannesburg amakambira za chambo. Inatchuka moti mu 1996 tauni ya North Tarrytown inasintha dzina n'kukhala Sleepy Hollow, ndipo manda a Irving ali komweko.

Winayo m'bukumo ndi Nathaniel Hawthorne, ameneyu saseketsa. Anabadwira ku Salem mu 1804, tauni imene mu 1692 anapachika anthu 19 powanamizira ufiti. Mmodzi mwa oweruza, John Hathorne, anali agogo a agogo ake. Iyeyu anadzaonjezera chilembo cha w pa dzina, anthu amati ndi manyazi. Nkhani yake ya 1835, Young Goodman Brown, mnyamata akulowa m'nkhalango usiku n'kupeza pamsonkhano wa mfiti pali abusa, dikoni, mayi amene anamuphunzitsa katekisimu, ngakhale mkazi wake. Kutacha sakudziwa ngati analota. Koma kuchokera tsiku limenelo sakhulupiriranso munthu, akumva nyimbo m'tchalitchi mtima ukumuwawa, mpaka kufa ali wokwiya. Palibe anamulodza. Kukayikira anzake ndi kumene kunamudya. Ndipo ife pabanja pathu zimenezi... iwe ukudziwa zimene anawachita agogo a kutsidya. Sindinena zambiri, gulu ili ndi lalikulu.

Edgar Allan Poe ndiye ndingodutsa, ameneyo mwana ayambe wakula pang'ono. Kuli ina ya 1843, munthu wapha nkhalamba n'kuibisa pansi pa matabwa a m'nyumba, apolisi abwera, akucheza bwinobwino, iye akumva mtima wa malemu ukugunda mpaka anaulula yekha. Mzukwa mulibemo. Chikumbumtima basi.

Ndiye funso lako... chimene ndimazikondera n'chakuti ukayang'anitsitsa, kuseri kwa mzukwa uliwonse kuli munthu wamoyo. Wina akufuna mkazi, wina akufuna munda, wina wapalamula ndipo tulo sakupeza. Mwana akamawerenga zimenezi amaphunzira kufunsa kuti, mzukwa uwu ukupindulira ndani? Si ufiti akuphunzira. Akuphunzira kufufuza amene wagwira nsungwi.

Aaa, wina akugogoda... ayi ndi mphepo. Usaseke iwe.

Ndikuti chonchi, mwina sindinamveke. Mantha a m'buku amatha ukatseka buku. Oopsa ndi aja a ku Salem, oti munthu wamkulu waloza chala mnzake, mudzi wonse n'kuvomera. Mwana amene waona dzungu la Brom Bones, tsiku lina wina akadzamuuza kuti nkhalamba yakutiyakuti ikuuluka usiku, adzayamba wafunsa kuti munda wa nkhalambayo akuufuna ndani. Ine ndikufuna mwana wotero pabanja pano, mmodzi yekha angatikwanire.

Za tochi m'bulangete ndiye ukunena zoona, aononga maso, umuuze aziwerenga masana. Ndipo iweyo, amene unkakana kupita kuchimbudzi wekha mpaka uli Fomu 2, ukandinamize kuti sunalitsegule bukulo iye ali kusukulu? Werenga ya Irving yokhayo, masamba ake ndi ochepa. Ukafika pa dzungu undiimbire, undiuze ngati waonamo chiwanda kapena waonamo bambo ako aang'ono. Anthu okhaokha m'menemo, msuweni, anthu ovala mathumba a feteleza.

Amayi, ngati mwamvera mpaka pano, za chipanda musakawauze kuti ndanena ine. Ndipo bukulo ndi langa, libwere pa Khirisimasi lili ndi chikuto chake.