Agogo anga ankati anawalodza ku Joni

Mwafunsa kuti kodi mavuto a maganizowa achuluka masiku ano kuposa nthawi ya makolo athu, ndipo ndaona ena mwayamba kale zoti ana a lero ndi ofooka. Aaa abale anga, tiyeni pang'onopang'ono.

Agogo anga aamuna anapita ku Wenela, kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, anabwerako Kamuzu ataletsa zopita kumigodi ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodiko itagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974. Mayi amati munthu anapita wanthabwala koma anabwera wina, tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango duu osayankhula, usiku kukuwa kutulo, kenako kachasu mpaka tsiku lomwe anatisiya. Pamudzi ankangoti anawalodza ku Joni, basi nkhani yatha. Nanga anthu amene anadutsa mu njala ya 1949, kapena m'ma 90 muja maliro a Edzi mudzi uliwonse ma ARV asanayambe kugawidwa ulere mu 2004, mukuganiza kuti ana amasiye aja m'mutu munali bwinobwino? Zomba Mental si ya dzana, ndi ya nthawi ya atsamunda, kungoti ankapititsako okhawo ovula zovala pamsewu. Wongokhala chete ankamuti waulesi kapena wamwano. Munthu akadzikhweza kwathu ankadula mtengowo, maliro kuika mwakachetechete, ana osauzidwa chilichonse. Lero ola lisanathe zili pa WhatsApp ndi chithunzi chomwe, ndiye zilekerenji kuoneka ngati zachuluka.

Koma chimodzi chokha ndivomera. Agogo aja ngakhale anali choncho nsima inkawapeza pansi pa mango pomwepo, azilongo awo ankabwera kudzangokhala nawo. Pano taganizani mnyamata ali m'kachipinda ka lendi ku Ndirande, digiri ili m'sutikesi chaka chachinayi, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 zinthu sizinatsikenso, wakatapila akuimba foni m'mawa uliwonse, ya lendi wabetcha yapita, kumudzi akuflasha akufuna ya feteleza poti amati uli mtauni uli ndi ndalama, akatsegula Facebook mnzake wa ku sekondale watsamira galimoto (mwina si yakenso koma iye adziwa bwanji). Auze ndani? Akayerekeza kudandaula timuti mwamuna salira, limba mtima. Ndiye kwa ine ululuwo ndi wakale, chatsopano ndi kuvutika uli wekhawekha chitseko chotseka.

Mng'ono wanga atayamba kudzitsekera m'nyumba chaka chatha, osasamba osadya, achibale ena ankati tipite kwa asing'anga ena kumapemphero. Kupemphera tinapemphera ndithu koma ndinamutengeranso ku chipatala cha mavuto a maganizo cha St John of God ku Lilongwe, ku Mzuzu aliponso. Pano akugulitsa kaunjika, Loweruka lililonse ndimamuimbira ngakhale tilibe nkhani, timangokamba za Bullets ndi Noma mpaka mayunitsi athe.