Mlulu kuseri kwa nyumba: yankho kwa mayi a ku Luwinga

Mayi ena a ku Luwinga andilembera imelo. Akuti kuseri kwa nyumba yawo, pomwe pamagwera madzi a padenga, kapinga amangowola, ndiye akufunsa ngati angadzalepo mlulu wonga umene amauona m'madambo. Bambo a kunyumba akukana, ati ubweretsa udzudzu ndi njoka.

Mayi, dzalani ndithu. Kuno ku Mzuzu mvula imatha mochedwa, mwina mpaka Meyi, ndipo malo otsika amakhala chinyontho nthawi yaitali. Kapinga safuna kumira, pamene mlulu kwawo n'komweko. Mizu yake imalukana n'kugwira dothi, madzi osalikokolola. Zimandiwawa kuona anthu akugula maluwa achilendo okwera mtengo, n'kumawathirira madzi a pampopi tsiku ndi tsiku, chomera chathuchathu chili phee m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa.

Koma musankhe bwino, chifukwa banja lake ndi lalikulu. Gwirani tsinde n'kulipotokola pakati pa zala: mumva kuti si lobulungira bwino ngati la udzu wamba, ambiri a m'banjali tsinde lawo lili ndi ngodya zitatu. Mlulu umene mukufuna uli ndi masamba pamwamba penipeni, otambasuka ngati ambulera. Gumbwa musiyeni, amatalika kuposa mamita atatu ndipo pakhomo angakupanikizeni. Dawe ndiye musayerekeze n'komwe. Timbatata take totsalira m'nthaka timaphukanso chaka ndi chaka, mpaka m'bedi la masamba.

Mbewu musavutike nayo. Pemphani kwa mwini dimba, mudule kachigawo ka phata ndi khasu, kokhala ndi mizu ndi mapesi angapo, chotsalacho muchisiye chiphukenso. Mapesiwo muwadule pakati, mudzale mvula itakhazikika, motalikirana ngati phazi limodzi lalikulu. Pakhale patali ndi maziko a nyumba komanso dzenje la zonyansa za kuchimbudzi. Mukafuna kuti usafalikire, ikani m'beseni lakale loboola pansi n'kulikwirira.

Bambowo nkhawa yawo ndi yomveka. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, osati m'chomera, choncho kumbani kangalande kuti madzi azilowa pansi osakhalitsa masiku. Za njoka, lambulani mozungulira ndipo muzichotsa mapesi ouma kuti pasachite thengo. Mu Seputembala ndi Okutobala kukauma, madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri akwanira kuuthirira.