Kodi njira ya setilaiti ingatiuze kulemera kwake?

Funso: Ndikudziwa mtunda umene setilaiti ili komanso nthawi imene imatenga kuzungulira dziko. Kodi ndingapeze kulemera kwake?

Yankho: Ayi. Setilaiti yolemera ndi yopepuka zikakhala pa mtunda umodzi zimazungulira pa nthawi yofanana, choncho manambala anuwo angokuuzani kulemera kwa dzikolo. Setilaiti yaikulu ngati Mwezi imayezeka mosavuta pakakhala china choizungulira.

Gwiritsani ntchito M = 4π²r³ ÷ GT², pomwe M ndi kulemera kwa chinthu chozunguliridwacho, r ndi mtunda wochokera pakatikati pake kufika pa chochizunguliracho, T ndi nthawi yozungulira kamodzi, ndipo G ndi nambala yosasintha ya mphamvu yokoka, 6.674 × 10⁻¹¹. Chombo chodutsa makilomita 100 pamwamba pa Mwezi chimauzungulira m'mphindi pafupifupi 118. Ambiri amaphonya apa: r ayezedwe kuchokera pakatikati pa Mwezi, makilomita 1,837, osati 100. Makilomitawo muwasandutse mamita, mphindizo masekondi. Mupeza kuti Mwezi umalemera makilogalamu pafupifupi 7.3 × 10²².