Tomato akufota mu Januwale: kodi ndiwonjezere madzi?

Mayi wina wokhala ku Cape Town wandilembera imelo. Akuti amathirira tomato wake madzulo aliwonse, koma dzuwa likangofika paliwombo masamba onse amakhala ali lende. Akufunsa ngati awonjezere madzi.

Mayi, mwandikanda pachilonda. Chichitikireni chilala cha 2018, mawu akuti "kuwonjezera madzi" amandiwawa m'makutu. Chaka chimenecho damu la Theewaterskloof, lalikulu mwa madamu opereka madzi ku Cape Town, linatsala pang'ono kuphwa, mzinda wonse ukuwerengera masiku otsala kuti ifike Day Zero, tsiku lomwe mipopi ikanatsekedwa, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa, zonse momwemo. Ine ndinkasamba nditaimirira m'beseni, madzi otsalawo n'kuwatsanulira m'ndowa kukathira patsinde pa mkuyu. Mkuyuwo unabereka. Rosemary wa m'mbali mwa mpanda, chitsamba chonunkhira chokometsera ndiwo, sanalaweko ngakhale dontho, koma anachita maluwa ngati palibe chachitika.

Nanga aneba anga ena! Usiku anthu atagona, mumangomva payipi ikulira pa kapinga, chonsecho zinali zoletsedwa. Kapingayo anauma ndithu. Ndinene mosapsatira: kapinga alibe malo kudera lomwe mvula imasowa chilimwe chonse. Samadyedwa, sapereka mthunzi, amangomwa. Amene akuti ana azisewera pati, ana amasewera paliponse. Ndikaona bwalo lobiriwira mu Febuluwale sindisirira ayi, ndimangowerengera ndowa.

Vuto lenileni ndi lakuti anthu ambiri amalimbana ndi nyengo. Kuno mvula imagwa kukamazizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo kufupi ndi nyanja chisanu chopha mbewu n'chosowa. Chilimwe ndi dzuwa lokhalokha, kuphatikizapo mphepo ija yochokera kummwera chakummawa yomwe amaitcha Cape Doctor, imene imayamwa chinyezi m'masamba. N'chimodzimodzi ku Perth, pakati pa dziko la Chile, ku California ndi m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kungoti kumpoto kwa dziko lapansi miyezi yake imatembenuka. Choncho kuno nthawi yeniyeni yadimba imayamba mu Epulo: nsawawa, kabichi, sipinachi, letesi, anyezi, adyo. Mitengo ndi zitsamba nazo zibzalidwe nthawi yomweyo, mizu izame mvula isanathe. Kubzala mtengo mu Disembala n'kudzilembera ntchito yonyamula keni miyezi inayi. Chilimwe dimba lichepe, musunge mabedi awiri okha amene mungakwanitse kuwasamala.

Nanga tomato uja?

Musawonjezere, mayi, musinthe kathiriridwe. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumasunga mizu pamwamba pomwe dothi limatentha. Thirirani m'mawa, patsinde, mpaka madzi alowe pansi, kawiri kapena katatu pa sabata. Ngati dothi lanu ndi lamchenga ngati la ku Cape Flats, dera lathyathyathya la mu Cape Town, thirirani katatu, ndipo muthiremo manyowa ambiri. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, kukhuthala kwake masentimita 5 mpaka 8, koma zisakhudze tsinde. Kumbali yochokera mphepo mangani kampanda ka neti. Musanatenge keni, pisani chala m'dothi: ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Masamba akafota masana n'kudzuka madzulo, tomatoyo ali bwino. Akapezeka ali chifotere m'mawa, pamenepo ndiye ali ndi ludzu.