Mwala wanuwo si murunskite, achimwene

Mwafunsa ngati mwala wofiirira ngati kopa umene mwagula kwa wogulitsa wina muno mu Lusaka ndi murunskite wa ku Copperbelt, monga anakuuzirani. Ine ndikukayika kwambiri.

Murunskite ndi wosowa zedi. Muli potaziyamu, kopa, chitsulo ndi sulufule, ndipo akatswiri anaufotokoza koyamba mu 1981 atautola ku mapiri a Murun ku Siberia, komwe dzinalo linachokera. Kumeneko umabisala m'kati mwa charoite, mwala wapepo uja. Umapezekanso ku Khibiny, ku Russia komweko. Komatu umakhala timadontho tating'onoting'ono tofuna maikulosikopu, osati chibuluma chodzaza dzanja ngati chili pa chithunzi chanucho.

Wanuwo ndikuuona ngati bornite, amene kumigodi kwathu ngwambiri. Mukauswa, m'kati mumafiira, koma ukakhalitsa pamphepo umasanduka wabuluu ndi wapepo ngati khosi la nkhunda. Uli ndi kopa, chitsulo ndi sulufule, potaziyamu mulibe. Ukakhala wachikasu ngati golide, ndiye chalcopyrite. Ukhuleni kunsi kwa kapu yadothi, ngati ndi chalcopyrite usiya mzere wakuda wobiriwirako.

Potaziyamu saoneka ndi maso, choncho tengani kachidutswa mupite nako ku School of Mines, sukulu ya zamigodi ya ku yunivesite ya Zambia (UNZA), akakupimireni. Mwalipira zingati kodi?